Womaliza Kulowa ndi Bambo

4 Malichi

Mawaya, mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko. Kuno tilipo, ana ali bwino, alamu ako akupereka moni. Ndakuyimbira mpaka khutu kutentha, koma iwe ukayankha umangoti "ndili pa ntchito, ndiyimbanso," kenako zii. Ndiye ndabwerera ku pepala. Dalaivala wa lole uja amene amatibweretsera katundu wako wavomera kumanyamula makalata athu. Kalata ilibe batani lodulira, uiwerenga mpaka pansi.

Nkhani yoyamba ndi ya Amayi. Chichitikire maliro a Bambo, amene iwe sunabwere, mutu wawo wayamba kutaya zinthu. Dzana ndinapeza nsapato zawo mufiriji. Dzulo anandiitana dzina la mng'ono wawo tsiku lonse. Adokotala akuti matendawa sabwerera m'mbuyo, ndipo amene akufuna kuti Amayi amuone akumudziwa abwere tsopano lino. Ndakuuza mmene anenera, sindinawonjezepo kanthu.

Yachiwiri ndi ya kompyuta yako ija ya m'shopu. Shopu ndikuiyendetsa monga ankachitira Bambo: fotokope, makadi a ukwati, zithunzi za pa ziphaso. Masana ndimatseka, ndimapita kunyumba kukadyetsa Amayi, ndimabwerera dzuwa litapendeka. Ukukumbukira kuti unaikonza kuti munthu akalowa izimuuza amene anamaliza kulowa. Nthawi zonse imalemba "chemwali", poti ndatsala ndekha. Koma masiku ano ndikabwera kuchokera kunyumba ndikumapeza yalemba kuti womaliza kulowa ndi "bambo". Ndipo m'pulinta mumakhala pepala limodzi, lofunda, longotuluka kumene. Ndi chithunzi chija tinajambulitsa pakhomo pa shopu tsiku limene unkanyamuka: Bambo, Amayi, ine, ndi iwe ndi chikwama chako.

Loko ndimamupeza ali chikhomere. Makiyi amakhala m'thumba mwanga. Pasiwedi ya Bambo ine sindiidziwa, anapita nayo.

Usandiseke. Ndine mayi wa ana awiri, koma ndikamatsegula chitseko chija masana ndimayamba ndatsokomola kaye. Iwe tinakutcha Mawaya chifukwa palibe chinthu cha magetsi chimene unachisiya osachimasula, ndiye masula ichi. Undiuze chimene chikuchitika, ndipo undiuze tsiku lobwera.

Ndine mlongo wako wamkulu


19 Malichi

Achemwali,

Moni kwa inu, kwa alamu ndi kwa ana. Amayi muwapatsire moni wanga mwapadera. Za foni mundikhululukire. M'chipinda chimene ndimagwiramo ntchito salola foni, muli makina okhaokha ndi mphepo yozizira, ndipo ndikatuluka ndimakhala nditatheratu.

Ndaseka pang'ono, ndisaname. Akufa salowa pa kompyuta, Achemwali. Kompyuta ya m'shopu ili pa intaneti, n'chifukwa chake ine ndimatha kulowamo ndili kuno n'kukukonzerani zinthu. Khomo limene ndimalowera ine, wina walipezanso. Bambo pasiwedi yawo iyenera kuti inali yosavuta, mwina tsiku lobadwa la Amayi, ndipo alipo anthu amene ntchito yawo ndi yongoyesa zitseko za eni. Wina walota bwino basi, ndiye akusewera ndi pulinta kuti akuopsezeni.

Mankhwala ake ndi awa. M'kompyutamo muli mindandanda iwiri, wina wa ololedwa, wina wa oletsedwa. Munthu akalemba dzina lake kuti alowe, kompyuta imayamba yayang'ana m'mindandandamo, ngati mlonda wa pageti. Dzulo ndinalowa ndipo ndinalemba "bambo" pa mndandanda wa oletsedwa. Nkhani yathera pomwepo. Zithunzizo mungozitaya, zikungokutherani mapepala.

Za kubwera, abwana akuti tchuthi ndi chapakati pa chaka, pano ntchito yachuluka. Amayi ndi munthu wolimba, inu mukudziwa, ndipo madokotala amakonda kuopseza. Mundilembere mmene akudyera ndi mmene akugonera.

Mlongo wanu,
Mawaya


6 Epulo

Mawaya,

Moni ndikukupatsa chifukwa ndinaleredwa bwino. Tilipo.

Mlonda wako wa pageti ndi watulo. "Bambo" akulowabe masana alionse, kupatula Lamlungu. Ukudziwa kuti Bambo Lamlungu sankagwira ntchito ngakhale kasitomala atawalirira. Nanga wakuba wako wa pa intanetiyo nayenso amapuma Lamlungu?

Ndinaganizira Amayi, ndisabise. Ndinati mwina amazemba n'kupita kushopu. Koma masana onse amakhala pamaso panga, supuni ili m'manja mwanga. Ndinapempha telala wa shopu yoyandikana nafe kuti aziyang'ana chitseko ine ndikachoka. Akuti palibe amene amafika. Koma pulinta amaimva kudzera pakhoma, ndipo isanayambe amamva mpando wa Bambo ukulira kuti kwii, mmene unkachitira iwo akamakhalapo. Telalayo tsopano masana akumakadyera kutsidya kwa msewu, makina ake atawafunditsa nsalu.

Zithunzi sindinataye. Ndaziyala patebulo motsatana. Bambo, Amayi ndi ine tikuoneka bwinobwino, ngakhale timizere ta malaya a Bambo tikuwerengeka. Iwe wekha ndiye ukuzilala. Pa choyamba unali wathunthu, mano onse panja. Pa cha lero nkhope yako ili ngati nsalu yochapidwa kwambiri, ndipo chitseko cha shopu chikuonekera pachifuwa pako. Usandiuze za inki, ndasintha kale.

Amayi anapeza chimodzi m'chikwama changa. Anachiyang'ana nthawi yaitali, analoza Bambo n'kumwetulira. Kenako analoza iwe, nati, "Nanga mlendoyu anabwera ndi ndani?" Ndinathawira kubafa kuti asaone misozi. Zandiwawa, Mawaya, ndipo ndakukwiyira. Kudya akudya, kugona akugona, poti ndi zimene unafunsa. Koma pakati pa chaka ndi patali.

Mlongo wako


22 Epulo

Achemwali,

Moni nonse. Ndikulemba mutu uli pansi, chifukwa wolakwitsa ndine, osati mlonda.

Kompyuta imeneyo imayamba kuwerenga mndandanda wa ololedwa, ndipo ikalipeza dzina pamenepo imatsegula osayang'ananso mndandanda winawo. Ndinaiwala kuti tsiku limene ndinkaiika m'shopu, Bambo anaima kumbuyo kwanga, magalasi ali pamphuno, nati, "Dzina langa ulilembe pamwamba, shopuyi ndi yanga." Ndiye lakhala lili pamwamba nthawi yonseyi. Ine ndimawaletsa ndi dzanja lamanzere, lamanja likuwatsegulira.

Lero ndalifufuta. Ndi ntchito ya kamphindi. Kuno ndimafufuta mayina a anthu osiya ntchito sabata iliyonse osaganiza n'komwe. Koma pa ili chala chinakana kaye. Ndinakhala ndikungoliyang'ana mpaka mnzanga wa tebulo loyandikana anandifunsa ngati ndikudwala. Tsopano pa ololedwa patsala "chemwali" ndi "mawaya".

Za chithunzi, fayilo yake ikhoza kukhala kuti yawonongeka, zimachitika. Za mpando, matabwa amalira kukatentha. Telala uja ndi wamantha chiyambire kale, ankathawa ndi buluzi yemwe.

Amayi muwauze kuti mlendoyo ndine. Muziwaonetsa zithunzi zanga zina, makamaka za ndili mwana. Za tchuthi ndikuyesetsa.

Mlongo wanu,
Mawaya


9 Meyi

Kwa bambo amene mumayang'anira makina a m'shopu,

Ndikupereka moni mwaulemu. Muli bwanji kumeneko, ndi apabanja panu? Ine ndine mkazi wa mwini shopu ya fotokope. Sindikukudziwani, koma mwana wanga wamkazi, amene akundilembera kalatayi, akuti ndinu munthu wabwino ndipo mumakhala kutali.

Bambo, ndamva kuti mwawatsekera kunja amuna anga. Alakwanji? Ngati pali chimene anakulakwirani, nenani tipepese. Munthu ameneyu shopuyo anaiyamba ndi makina amodzi obwereka, akumawanyamula panjinga m'mawa ndi madzulo. Sanabepo chinthu cha munthu. Masiku ano ndikumawaona pawindo ataima pageti la nyumba masana, chipewa chili m'manja, dzuwa likuwaotcha. Ndikawaitana kuti lowani mudzadye, amangopukusa mutu n'kuyang'ana njira ya kushopu. Ndi munthu wosadziwa kukhala chabe. Mukawasiya panja choncho adwala.

Chonde atsegulireni.

Komanso ndili ndi mwana wamwamuna komweko kumene inu muli. Ndi wamtali, wosalankhulalankhula, ali ndi kachipsera pachibwano. Dzina landithawa pakali pano, koma libwera. Mukamuona mumufunse ngati ali ndi juzi, akuti kumeneko kumazizira.

Zikomo pondimvera.

Ine, mkazi wa mwini shopu

Mawaya, ndalemba mmene anenera, liwu ndi liwu. Anandimva ndikuwerengera alamu ako kalata yako, ndiye anagwira mawu amodzi okha, oti dzina la Bambo lafufutidwa. Ndawauza mobwerezabwereza kuti kalatayi ikupita kwa iwe, akuti ndisawasokoneze.

Chifufutire dzinalo pulinta yakhala chete, pamenepo wapambana. Koma Amayi masana sakudyanso, amangokhala pawindo. Ine pagetipo sindiona munthu. Galu wa aneba ndiye amafika n'kukhala pansi pomwepo, akuyang'ana m'mwamba, mchira uku ndi uku. Ndikabwerera kushopu ndimapeza kompyuta yalemba "bambo: wakanizidwa", mzere pansi pa mzere, kudzaza sikirini yonse. Mizere imeneyo ikundiopsa kuposa chithunzi chija. Ndimachita ngati ndatsekera bambo anga panja n'kukhala phee m'nyumba.


11 Meyi

Achemwali,

Moni kwa inu nonse. Yankho lanu sindinalandire, akuti lole ya dalaivala wathu ili ku galaja, ndiye kalata iyi ndapatsira mnzake. Poti kwanu kuli chete, ndikuyesa kuti zonse zili bwino.

Ndakhala ndikulowa kudzaona, ndipo wakuba uja sakugonja. Masana alionse akugogoda ndi dzina la Bambo. Kompyuta ikuonetsa ngati akulemba ali m'shopu momwemo, koma akuba ochenjera amadziwa kubisa kumene achokera, zimenezo sizikundinyenga. Zandikwana. Lero ndatseka khomo lonse lakunja. Pa oletsedwa ndalemba kuti aliyense wochokera pa intaneti, kaya ndi ndani. Pa ololedwa ndachotsa mayina, ndasiya lamulo limodzi lokha: aliyense amene wakhala pampando wa m'shopu n'kulemba pa kiyibodi ya pomwepo. Tione ngati wakubayo akwere basi kudzakhala pampando wa Bambo.

Zapamwambazi ndalemba m'mawa, ndikudziguguda pachifuwa. Tsopano ndaweruka, ndipo musaseke. Pofuna kulowanso kuti ndione ngati zagwira, kompyuta yandikaniza. Wochokera kunja ndinenso. Ndadzitsekera ndekha. Ichi ndi chinthu choyamba chimene timachenjeza ophunzira ntchito, ndipo anzanga atamva angandiseke mpaka chaka kutha.

Kukonza kwake n'kosavuta, koma kukufuna munthu wokhala pampandopo. Kuseri kwa pepalali ndalemba zoti muchite, mzere ndi mzere. Musalumphe kalikonse, ngakhale kadontho. Mukatero ndilowanso ndipo zonse zikhala monga kale.

Amayi ali bwanji? Ayamba kundizindikira pa zithunzi zija?

Mlongo wanu,
Mawaya


30 Meyi

Mawaya,

Moni. Makalata athu anasemphana panjira, koma pofika pano ya Amayi uyenera kuti waiwerenga. Sindikufunsa kuti unamva bwanji.

Wakuba wako uja anakweradi basi. Tsiku lotsatira iwe utasintha malamulo ako, ndinabwera kuchokera kunyumba n'kupeza womaliza kulowa ndi "bambo", pepala lili m'pulinta. Pa nthawiyo sindinadziwe chifukwa, ndadziwa nditawerenga kalata yako. Unalemba wekha kuti wololedwa ndi wokhala pampando. Ine za makompyuta sindinaphunzire, koma mutu ndili nawo. Ngati wa pa intaneti sangalowenso, amene akulowayo akukhala pati? Tsiku lina ndinalimba mtima, ndinaika dzanja pampandopo. Panali pofunda.

Sindinakuwe. Ndinangoti, "Mwaswera bwanji, Bambo," n'kuyamba fotokope ya kasitomala. Munthu amazolowera, Mawaya. Masiku ano ndikamatseka masana ndimaonetsetsa kuti mapepala alimo ndipo windo ndalitsegulako pang'ono, poti iwo sankakonda kutentha.

Amayi ayambanso kudya. Pawindo achokapo, akuti amuna awo abwerera kuntchito. Dzulo kunabwera mnzawo wakale kudzawazonda, anawafunsa ngati ana akuwasamala. Anayankha kuti, "Mwana ndili naye mmodzi, wamkazi, koma amandikwanira." Ananena mosangalala, mtima uli m'malo, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka kwambiri. Pa chithunzinso ndi chimodzimodzi. Tilipo atatu. Pamene unaima iwe patsala chikwama chokha.

Mizere ya okanizidwa ikubwerabe, koma dzina lasintha. Tsopano ikulemba "mawaya: wakanizidwa". Ndikumaona mmene ukugogodera, m'mawa, masana, madzulo. Chisoni ndikumva, ndiwe mlongo wanga, ndinakubereka kumsana. Koma pepala lako la malangizo ndalipinda n'kuchirikizira mwendo wa tebulo lija limagwedera. Sindikutsegulira. Zaka zonsezi wakhala ukulowa muno kudzera pa waya, kukonza ichi, kukonza icho, n'kumadziuza kuti wafika kwanu. Amayi alibe waya. Ukafuna kulowa, bwera udzakhale pampando ngati anzako.

Mlongo wako


12 Juni

Achemwali,

Moni. Kalata ya Amayi ndaiwerenga, ndi yanunso. Juzi ndili nayo.

Abwana akana tchuthi, ndiye ndawasiyira makiyi awo patebulo. Ndikwera lole ndi dalaivala wathu ulendo wake wotsatira, kalata iyi itsogole ndi mnzake. Muziwauza Amayi m'mawa uliwonse kuti mwana wawo wamwamuna ali m'njira, ngakhale aziiwala pofika masana. Ndikuopa, Achemwali. Sindikuopa mpando.

Mawaya


27 Juni

Bambo,

Ndine Mawaya. Ndikulemba ndili chiimire pa kauntala ya shopu yanu, chifukwa mpando ndakusiyirani. Sindikudziwa mmene munthu angakufunsireni za moyo, ndiye ndingoti ndafika. Ndafika mochedwa. Kumanda kwanu ndapitako, Achemwali anachita kundilozera.

Mindandanda ndakonza. Sizinanditengere ndi nthawi yomwera kapu ya tiyi yomwe. Dzina lanu ndalibwezera pamwamba, la Achemwali pansi pake, langa kumapeto, ndipo pa oletsedwa sindinasiyepo munthu wa m'banja lino. Nditakhala pampando wanu kuti ndichite zimenezi, ndinamva fungo la mafuta anu a m'tsitsi, ndipo kumbuyo kwanga kunali ngati kwaima munthu amene akuwerenga zimene ndikulemba. Sindinacheuke. Ndinaopa kukuonani, koma ndinaopa kwambiri kucheuka n'kupeza kulibe munthu.

Nkhani imene ndabwera nayo ndi ya Amayi. Nditafika kunyumba ndinawapeza pakhonde akupinda zovala. Achepa thupi, Bambo, koma manja akadali achangu. Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, ndinati, "Amayi, ndabwera." Anandiyang'ana bwinobwino, kuyambira tsitsi mpaka nsapato.

Achemwali anati, "Amayi, uyutu ndi Mawaya, mwana wanu."

Iwo anaseka, nati, "Iwe, usamaseweretse alendo. Awa ndi bambo a makina aja."

Kenako anagwira dzanja langa ndi manja awo onse awiri, n'kundithokoza chifukwa chokutsegulirani. Anauza Achemwali kuti andithirire tiyi m'kapu ya alendo, ija ya maluwa imene ife sitinkaloledwa ndi kuikhudza komwe. Ndikumwa, anasendera pafupi n'kufunsa motsitsa mawu, "Nanga mwana wanga uja munamuona?"

Ndinati, "Ndinamuona, Amayi."

"Ali bwino? Akudya?"

"Ali bwino. Akuti akubwera."

"Ee, amatero," anatero Amayi, n'kubwerera ku zovala zawo.

Ndakhala masiku angapo tsopano, ndipo ndayesa zonse zimene ndikudziwa. Ndawakumbutsa mmene ndinagwera m'thanki ya madzi iwo n'kunditulutsa ndi mwendo. Ndawakumbutsa mmene ankandimetera ndi lumo lanu inu mukapita kushopu. Amamvetsera mwaulemu, n'kunena kuti zodabwitsa, mwana wawonso zinamuchitikira zomwezo. Dzuwa likapendeka amandifunsa ngati sindichedwa kukakwera basi. Kuntchito ndinazolowera kuti chinthu chikakana umapeza mzere wolakwika n'kuukonza. Apa ndafufuza, sindikuupeza, ndipo zikundiwawa kuposa mmene ndingalembere.

Achemwali akuti zimene timanena ife zimawalowa khutu ili n'kutulukira linalo, koma Amayi akati "bambo ako anena," chinthucho chimakhazikika, sachiiwala. Ndiye ndili ndi pempho limodzi. Ndinakutchani wakuba, ndinakuimikani padzuwa. Kukhululuka kapena ayi, zili kwa inu, sindikukakamizani.

Nthawi ya masana yakwana. Telala wawoloka kale msewu, ndipo inenso ndikutuluka, ndikhoma chitseko monga amachitira Achemwali. Kalatayi ndiisiya pa kiyibodi. Mukamaliza ntchito yanu, chonde mudzere kunyumba, muwauze Amayi kuti mlendo amene akugona m'chipinda cha kumbuyo ndi mwana wawo. Mukandipeza pakhonde, ndikhala ndikudikira.

Mwana wanu,
Mawaya